Mmene Injiniya wa Makina Angakhazikikire ku Joni Pamodzi ndi Banja Lake

Achinyamata ambiri amene amandifunsa za uinjiniya wa makina kuno ku Johannesburg amayamba ndi nkhani ya malipiro, ndipo ine ndimawabweza kuti ayambe afunsa za mapepala. Agogo athu amene ankabwera ku Joni pa Wenela ndi pa Theba ankangofunika mphamvu ndi chifuwa chabwino, moti dokotala akawapima n'kuwapeza olimba ankatsika mumgodi. Koma munthu amene wabwera ndi digiri ya ku Polytechnic ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, amapeza kuti pepala limene makolo ake analiimbira nthungululu silimulola kusainira ntchito iliyonse mpaka eni dziko atalipima ndi muyeso wawo. Kupimako kuli ndi ndondomeko yake, ndipo amene aidumpha amataya zaka, pamene mkazi ndi ana akudikira kumudzi kapena akupanikizana m'kachipinda ka lendi.

Ntchito yoyamba ichitike musanakwere basi. Pitani ku ofesi ya sukulu imene munaphunzira mukatenge transcript yosonyeza phunziro lililonse ndi mmene munakhozera, mupemphenso kabuku kofotokoza zimene phunziro lililonse linali nazo m'zaka zimene inu munali pamenepo, chifukwa maphunziro amasintha ndipo kabuku ka chaka chino sikafotokoza zimene inu munaphunzira. Lipoti la pulojekiti ya chaka chomaliza musalisiye m'katoni kwa amayi anu, kumene chiswe sichidziwa kusiyanitsa digiri ndi nyuzipepala yakale. Onetsetsaninso kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa pasipoti, pa satifiketi ya MSCE ndi pa digiri. Ine dzina langa lapakati linali pa digiri koma pa pasipoti panalibe, ndipo kachinthu kameneko kanandidyera miyezi ndikuyenda ndi makalata olumbira kuti munthu wa pa mapepala awiriwo ndi mmodzi.

Mapepala amenewa amapita ku SAQA, bungwe la ku Pretoria limene limaunika maphunziro a kunja n'kuwaika pa makwerero a maphunziro a dziko lino, otchedwa NQF, amene ali ndi masitepe 10. Digiri ya uinjiniya ya zaka zinayi ya kuno, monga ya ku Wits ku Braamfontein, ili pa sitepe ya 8. SAQA imafunsa kaye ku sukulu yanu ngati pepalalo ndi loona, ndipo nthawi zambiri kuchedwa kumachokera kumeneko, choncho ndi nzeru kukhala ndi m'bale wodalirika kumudzi amene angapite yekha ku ofesi kukakumbutsa kuti kalatayo iyankhidwe.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri. Kalata ya SAQA imangonena kuti maphunziro anu ali pa msinkhu wakuti, koma siikuyesani injiniya. Mphamvu imeneyo ili m'manja mwa ECSA, khonsolo ya mainjiniya imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Engineering Profession Act la nambala 46 la chaka cha 2000, ndipo maofesi ake ali ku Bruma. Dziko la South Africa linalowa m'pangano la Washington Accord mu 1999, pangano limene maiko ake amavomerezana madigiri a uinjiniya, koma Malawi sali m'pangano limenelo. Tanthauzo lake n'lakuti ECSA imaunikanso payokha digiri yanu, phunziro ndi phunziro, ndipo ingathe kukuitanani kuti mudzayankhe mafunso pamaso pa akatswiri. Kabuku ka maphunziro kaja ndi lipoti la pulojekiti zimagwira ntchito pamenepa. Pomaliza angakuuzeni kuti mukuyenera njira ya Professional Engineer, kapena ya technologist, kapena ya technician. Ena akauzidwa za njira yachiwiri amakwiya n'kusiya zonse, ndipo ndimaona kuti amalakwitsa, pakuti technologist wolembetsedwa amadya bwino kuposa injiniya wa pakamwa amene dzina lake mulibe m'kaundula aliyense, komanso zimene zaperewera munthu angathe kuzikwaniritsa pophunzira ali pantchito.

Za pemiti ndinena mwachidule koma molimba. Mmalawi amalowa m'dziko lino ngati mlendo kwa masiku 30 popanda visa, ndipo masiku amenewo samulola kugwira ntchito. Visa ya anthu a luso losowa, imene imatchedwa critical skills work visa, imaperekedwa mpaka zaka zisanu, imafuna kalata ya SAQA ndi umboni wochokera ku bungwe la ntchito yanu, ndipo koyamba imafunsiridwa kwanu musanabwere. Amene wapitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi kapena mpaka zaka zisanu. Anthu amene amakulonjezani pemiti ya pasabata m'malo odyera a m'tauni muwathawe, chifukwa kampani yaikulu imatsimikiza mapepala, ndipo injiniya wogwidwa ndi pepala lachinyengo ntchito yake yathera pomwepo. Dziwaninso kuti visa imene akazi anu angapatsidwe ngati woperekeza mwamuna siwalola kugwira ntchito, ndipo ana amafunika visa ya sukulu. Zimenezi muzikambirane muli ku Malawi, makamaka ngati mayiwo ali pantchito ya uphunzitsi kapena unamwino imene ayenera kuisiya. Munthu amene anazolowera kulandira yake pakutha pa mwezi akayamba kupempha ndalama ya sopo, m'nyumba mumalowa kuzizira kumene simungakufotokoze.

Kabuku ka m'thumba

Mukapeza ntchito, lembetsani msanga ku ECSA ngati candidate, ndiko kuti injiniya amene akuphunzira ntchito pansi pa wina wolembetsedwa kale. Nthawi yochepetsetsa ndi zaka zitatu, ngakhale ambiri amatenga zoposerapo, ndipo pamapeto pake muyenera kusonyeza kuti mwakwanitsa zinthu 11 zimene khonsoloyo imayang'ana, kuyambira pa kuzindikira vuto ndi kulipezera yankho mpaka pa kusunga malamulo, kuyendetsa anthu ndi kusenza udindo pa chigamulo chanu. Umboni wake ndi malipoti amene mumalemba nokha, osainidwa ndi amene ankakuyang'anirani. Ndaona amuna aluso ndithu akukhala zaka khumi osalembetsa, ntchito akuidziwa bwino lomwe, kungoti sanalembe kalikonse, ndipo bwana amene akanawasainira anasamukira ku Australia kapena anamwalira.

Choncho gulani kabuku kolowa m'thumba la ovolosi, ndipo Lachisanu lililonse musanaweruke mulembe zimene munachita sabata imeneyo. Kulemba kuti "tinakonza pampu" n'kutaya inki. Lembani chimene chinavuta, zimene munapima, masamu amene munachita, njira zimene munaziganizira n'kuzikana, ndi chimene inuyo munagamula. Ife Amalawi tinaleredwa kuti kunena kuti "ine ndinachita" ndi kudzikweza, ndipo timathawira ku "tinachita", koma oyesa a ECSA akufuna kudziwa mbali yanu, ndipo ulemu umenewu ungakulepheretseni. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, sandutsani zolembazo lipoti ndipo mukasainitse bwana akadali pompo.

Ndipereke chitsanzo cha zoyenera kulowa m'kabukuko, chimene chilinso phunziro loyamba la injiniya aliyense wa mumzinda uno. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ndi Lilongwe ali cha m'ma 1,000. Mpweya wa kuno ndi wopepuka: kupanikiza kwake ndi pafupifupi 83 kPa, pamene ku Durban, m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndi 101 kPa, ndipo madzi amawira asanafike pa madigiri 95. Chaka changa choyamba pa fakitale ina ya ku Wadeville tinali ndi pampu yokoka madzi m'dzenje imene inkalira ngati ikutafuna miyala, ndipo impeller yake, chitsulo chozungulira chimene chimakankha madzi, inkadyeka miyezi ingapo iliyonse. Anzanga ankangosintha ma bearing. Nditakhala pansi ndi pensulo ndinapeza kuti amene anasankha pampuyo anawerengera ngati kuti fakitale ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene mpweya umakankha madzi kufika mamita 10.3, pamene kuno umangofika mamita 8.4 okha. Mamita pafupifupi awiri osowawo ndiwo ankachititsa kuti madzi azichita thovu polowa m'pampu, vuto limene timalitcha cavitation. Tinatsitsa pampuyo kufupi ndi madzi, tinakulitsa paipi yokokera, ndipo phokoso linatha. Tsamba limodzi la m'kabuku lonena zimenezi linadzandiyankhira mafunso angapo tsiku limene ndinakhala pamaso pa oyesa.

Kupepuka kwa mpweya komweku kumakhudza pafupifupi chilichonse chimene mudzagula. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake, kompuresa imatulutsa mpweya wochepa kuposa umene walembedwa pa kabuku ka wogulitsa, ndipo mota yamagetsi, imene mphamvu yolembedwa pa chitsulo chake imawerengedwera malo osakwera kupitirira mamita 1,000, imazizira movutikira. M'chaka cha 2023, pamene kuzima kwa magetsi a Eskom kunafika poipa, makampani anathamangira kugula majenereta, ndipo amene sanawerengere za mtundawu anadabwa kuona jenereta yatsopano ikutsamwa makina akangoyamba kukoka.

Satifiketi ya boma, ndi amisiri

Ngati ntchito yanu ndi yoyang'anira makina m'fakitale kapena mumgodi, pali pepala lina limene pamsika wa ntchito limalemera kwambiri, lotchedwa Government Certificate of Competency, limene aliyense amangoti GCC, ena amati tikiti. Lilipo la mafakitale, loyendera lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993, ndi la migodi, loyendera Mine Health and Safety Act la 1996. Mumayamba mwapempha chilolezo cholembera, akaunika maphunziro anu ndi zaka zimene mwagwira pa makina, kenako mumalemba mayeso awiri, a makina ndi a malamulo, amene amachitika mu Juni ndi mu Novembala. Mayeso a makina amafunsa zamagetsi ndi zamakina zomwe, choncho injiniya wa makina ayenera kubwereranso ku ma transformer ndi ma mota amene anawapeputsa ali ku koleji. Chimene chimapangitsa tikitiyi kukhala yamtengo n'chakuti malamulo amakakamiza mwini fakitale kusankha munthu woyenera woyang'anira makina, ndipo mphamvu ya makinawo ikafika 3,000 kW, munthuyo sangakhale wina aliyense, ndipo m'pamene tikitiyi imagwira ntchito. Koma musaiwale kuti kusainira kalata ya udindo umenewo ndiko kuvomera kuti boyila ikaphulika kapena lamba akakoka dzanja la munthu, woyamba kufunsidwa ndinu. Musasaine musanayendere fakitale yonse ndi kuona mabuku osonyeza pamene ziwiya zosunga nthunzi ndi mpweya zinayesedwa komaliza.

Kuwerengera mayeso amenewa kumafuna miyezi yambiri ya usiku ndi Loweruka, ndipo mtengo wake amaulipira ndi a m'nyumba. Ine ndinalakwitsa ulendo woyamba: ndinkangotseka chitseko osanena kuti mpaka liti, ndipo mayi a kunyumba anafika pondifunsa ngati ndinabwera nawo ku Joni kuti adzandiphikire basi. Ulendo wachiwiri tinapachika kalendala kukhitchini, tinazunguliza tsiku la mayeso, tinagwirizana kuti Lamlungu mabuku sagwiridwa, ndipo ana ankachotsa okha masiku ndi cholembera. Kulemera kwake kunali komweko, koma aliyense ankaona pamene kudzathere.

M'wekishopu mudzapeza amisiri amene anapambana trade test, ma fitter, ma millwright ndi ma boilermaker, ena a zaka zofanana ndi bambo anu. Mlendo wa digiri amene amalowa ndi nsapato zonyezimira n'kuyamba kulamula amasiyidwa kuti alakwitse yekha. Valani ovolosi, gwirani sipanala pamene mwapemphedwa, funsani mkuluyo chimene makinawo amachita nyengo yozizira, ndipo phunzirani moni wa Chizulu, Chisutu ndi Chiafrikaans, chifukwa Chingerezi cha m'misonkhano sichifika pansi pa makina. Pa chinthu chimodzi chokha musagonje ngakhale kwa wamkulu bwanji: munthu asanalowetse dzanja m'makina, magetsi azimitsidwe, swichi ikhomedwe ndi loko wa munthuyo mwini, kiyi akhale m'thumba mwake, ndipo batani loyatsira liyesedwe kuti muone ngati makinawo afadi. Woyang'anira zopanga adzakuuzani kuti ndi ka mphindi ziwiri chabe. Mukaneni mwaulemu, ndipo mulembe m'kabuku kuti munakana.

Nyumba, nthawi ndi ndalama

Mafakitale ambiri a makina ali chakum'mawa ndi kumwera kwa mzinda, ku Germiston, Wadeville, Isando, Jet Park, Spartan ndi Alrode. Posankha nyumba yang'anani kaye msewu umene muzidzayenda m'mawa, chifukwa amene ayenera kudutsa pa Gillooly's, mphambano ya misewu ikuluikulu imene magalimoto amapanikizana, tsiku lililonse angathe kutaya maola awiri m'galimoto, ndipo maola amenewo amachotsedwa pa nthawi ya ana. Nyumba yaing'ono ya ku Kempton Park kapena ku Boksburg, pafupi ndi ntchito ndi sukulu, imaposa yaikulu ya kutali, makamaka sabata imene muli pa standby, pamene foni ingalire 2 koloko usiku kuti lamba waduka. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale, ndipo m'chigawo cha Gauteng malo a Grade 1 ndi Grade 8 m'sukulu za boma amafunsiridwa pa intaneti chaka chisanathe, choncho nthawi yobweretsa ana ikonzedwe mogwirizana ndi zimenezi.

Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati sabata ya ntchito ndi maola 45, ndipo ovataimu isapitirire maola 10, koma ndime zimenezi sizikhudza amene malipiro awo apitirira malire amene nduna imaika, ndipo mainjiniya ambiri ali pamwamba pa malirewo. Chimene chingakutetezeni ndi kontirakiti yanu yokha. Musanasaine, funsani kuti standby imabwera kangati, imalipidwa bwanji, ndipo mukagwira usiku wonse mawa lake mumapuma kapena ayi. Tchuthi cha pachaka cha masiku 21 otsatizana ndi chanu mwalamulo, koma nthawi yake ndiyo nkhani. Pakati pa Disembala mafakitale ambiri amatseka, anzathu amadzaza mabasi pa Park Station kulowera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, ndipo nthawi yomweyo ndi imene injiniya wokonza makina amaphwasula zonse zimene sizikanaimitsidwa chaka chonse. Khirisimasi yanu ingathe kukhala ya girisi m'manja. Uzani apongozi ndi makolo msanga kuti inu muzibwera pa Isitala kapena pa tchuthi cha sukulu cha pakati pa chaka, kuti asamayese kuti mwasanduka mtchona.

Za ndalama ndilankhula mosabisa, chifukwa mabanja ambiri a kuno amagwedezeka pamenepa. Kumudzi akamva kuti ndinu injiniya ku Joni, amawerenga malipiro anu m'makwacha ndipo saona msonkho wa SARS, lendi, medical aid, inshulansi ya galimoto ndi fizi. Mafoni amabwera: feteleza, fizi ya mphwanu, malata a amalume. Kuthandiza ndi udindo wathu ndipo sindikuti muusiye, koma khalani pansi ndi akazi anu mugwirizane ndalama imene izipita kumudzi mwezi uliwonse, mbali zonse ziwiri, kwanu ndi kwawo, ndipo itumizidwe poyera, kaya ndi pa Mukuru kaya kubanki. Ndalama yotumiza mobisa imadziwika ndithu, kawirikawiri kudzera mwa mlamu amene waimba foni kudzathokoza munthu wolakwika. Lowaninso m'bungwe la maliro kapena inshulansi imene imanena momveka kuti imanyamula thupi mpaka ku Malawi, ndipo muwerenge ngati ana ndi mayi awo alimo. Kuyambira pa 1 Seputembala 2024 lamulo limalola kutapa gawo la ndalama za penshoni munthu akadali pantchito, koma zimene mwatapa zimadulidwa msonkho, ndipo ine sindingalimbikitse kuzitapa pomangira mpanda wa nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chileka.

Ana obadwira kuno amatola Chingerezi ndi Chizulu kusukulu, ndipo Chichewa chimatha mwakachetechete ngati bambo amangofika anawo atagona. Kwathu tinagwirizana kuti pa chakudya chamadzulo tizilankhula Chichewa chokha, ndipo masiku amene ndachedwa ndimaimba foni nthawi yomweyo ya nsima. Loweruka lina ndimatenga wamkulu kuti tikaphwasule njinga yake pakhonde, iye akugwira sipanala ine ndikungoloza, ndipo mayina a zinthu amene ali nawo m'Chichewa, unyolo, mpira, chishalo, amawaphunzirira pamenepo.

Mukadzalembetsedwa, dzina lanu silikhala m'kaundula mpaka kalekale. ECSA imafuna chindapusa chaka chilichonse, ndipo pakatha zaka zisanu zilizonse mumakonzanso kulembetsako posonyeza kuti mwapeza makirediti 25 a maphunziro opitiriza, amene ena mwa iwo amachokera ku misonkhano ndi maphunziro a mabungwe monga SAIMechE, bungwe la mainjiniya a makina limene mbiri yake imayambira mu 1892. Masiku amenewa, pamodzi ndi tsiku lotha visa yanu, ya akazi anu, ya mwana aliyense ndi la mapasipoti onse, alembedwe pa pepala limodzi limene nonse awiri mukudziwa pamene lili, ndipo kukonzanso visa kuyambike patatsala masiku osachepera 60. Pasipoti ya mwana ndiyo imaiwalika kwambiri, ndipo visa yatsopano singamatidwe m'pasipoti imene yatsala pang'ono kutha.